Manovelo a zigawenga akadali moyo ku Kawale ndi ku Chinsapo

Mukatsika pa depoti ku Lilongwe n'kuwoloka umodzi mwa milatho yamitengo ija yolipiritsa kupita kumsika wa Tsoka, maso amathamangira ku kaunjika. Koma tayang'anani pansi m'misewu ya Old Town. Pakati pa mabuku a sukulu ndi Mabaibulo mupeza timabuku tonenepa, tachikuto chothetheka, pamwamba pake mfuti kapena munthu akuthawa mumdima. Amenewo ndiwo manovelo, ndipo amabwera ngati malaya a kaunjika omwe: wina ku London kapena ku Johannesburg anawerenga n'kutaya, ife n'kutola.

Buku lotere silikhalitsa m'tauni. Limakwera minibasi kupita ku Kawale, kugona ku Biwi, sabata yamawa mulipeza kwa wometa ku Area 23. Inu a pamsika mukudziwa nthawi yake: masana aja dzuwa lili paliwombo, makasitomala atazilala, tomato akungokuyang'ana. Ena amagwira bawo, ena foni. Koma alipo ndithu amene amatulutsa John Grisham pansi pa benchi, kasitomala mpaka kufuula kawiri kuti "odi kuno, mukugulitsa?"

Akuluakulu a ku Kawale akayamba nkhaniyi samaliza. Iwo mfumu yawo ndi James Hadley Chase. Mngelezi ameneyu, dzina lake lenileni René Raymond, anatulutsa No Orchids for Miss Blandish mu 1939, nkhani ya zigawenga za ku America, pomwe iye anali asanapondeko. Ankangodalira mapu ndi dikishonale ya chilankhulo cha pamsewu cha kumeneko. Ukathyali wake womwewo! Zikuto za mabuku ake zinkakhala ndi akazi ovala mosakwanira, ndiye anyamata ankazikutira ndi nyuzipepala kuopa makolo ndi aphunzitsi. Kumbukirani kuti inali nthawi ya Kamuzu, pomwe bungwe la Censorship Board, lomwe linabwera ndi lamulo la 1968, linkaletsa mabuku ambirimbiri.

Kenaka panabwera ma Pacesetters a kampani ya Macmillan, kuyambira mu 1977. Awa ndiye anali athu. Mbava za ku Lagos mu The Smugglers ya Kalu Okpi, kazitape Benni Kamba 009 wa David Maillu wa ku Kenya, ndipo ngakhale Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analowamo ndi Truth Will Out. Ku Blantyre, Aubrey Kalitera, mwini A Taste of Business, anafika posindikiza yekha mabuku ake pansi pa dzina la Power Pen Books. Ameneyo anali venda mnzanu, anthuni, kungoti katundu wake anali nkhani.

Lero amene akuyenda ndi Lee Child. Jack Reacher wake, yemwe anayamba mu Killing Floor mu 1997, alibe nyumba, alibe katundu, amangoyenda ndi mswachi m'thumba. Lendi siimukhudza. Mwina n'chifukwa chake alendi a ku Chinsapo amamukonda chotere. Koma ine ndikanakhala wogula, ndikanasakasaka Deon Meyer wa ku South Africa. Wapolisi wake, Benny Griessel wa ku Cape Town, ndi chidakwa chomwe chikulimbana ndi botolo, ndipo misewu yomwe amathamangamo ndi yomwe abale athu a ku Joni amatiuza pa foni. Reacher amapambana mophweka kwambiri. Griessel amatuluka thukuta.

Chondipweteka ndi ichi. Buku likazungulira Mgona, Area 25 mpaka kubwerera, masamba omaliza amakhala atapita. Wina anakulungira zitumbuwa, wina anapichirira fodya. Mwagona mochedwa masiku atatu, magetsi atathima mukuunikira ndi tochi ya pafoni, ndiye pofika pomwe wapolisi akuti atchule wakupha, basi chikuto! Inu ogulitsa mandasi, chonde, ng'ambani koyambirira.

Laibulale yaikulu ya National Library Service ili ku City Centre. Kuchokera ku Chinsapo ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, ndipo benchi simungaisiye yokha. N'chifukwa chake laibulale yeniyeni ya m'makomboni ndi kubwerekana basi.

Nanga za m'Chichewa zili kuti? Willie Zingani anatipatsa Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, koma novelo ya wapolisi wofufuza wolankhula Chichewa cha ku Mchesi simuipeza pansi paja. Nkhani ndiye sizikusowa. Mu September 2013, mkulu wa za bajeti Paul Mphwiyo anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43, Cashgate n'kuphulika, ndipo mu 2016 khoti linagamula yemwe anali nduna ya za malamulo, Ralph Kasambara, kukakhala kundende zaka 13. Grisham akanakhala wa ku Biwi, bwenzi pano tikulimbirana buku lachitatu.