Neaira, Mwana Wogulidwa wa ku Corinth

Ife aphunzitsi timakonda kutama Agriki akale pamaso pa ana a sukulu cifukwa ca nzeru zao ndi akacisi ao amiyala. Koma iripo mbali yina ya mbiri yao imene timailumpha, ndipo tiyenera kuipenyetsa.

M'midzi ya Athens ndi Corinth munali akazi ochedwa hetaira, ndiko kunena bwenzi. Pokhala akazi a ukwati anabindikira m'nyumba ndi kupota ubweya wa nkhosa, awa anakhala pa madyerero a amuna, naimba, nabvina, naceza nao, nalandira mphatso za mtengo wapatali. Ambiri a iwo anali alendo kapena akapolo.

Mmodzi wa iwo ndiye Neaira. Akali kamwana anagulidwa ndi mkazi wa ku Corinth, dzina lace Nikarete, amene anagula atsikana 7, nawalera, nawaphunzitsa nchito iyi, nawacha ana ace, kuti amuna awayese mfulu ndi kulipira zambiri. Pambuyo pace amuna awiri anagula Neaira ndi madrakima 3,000, ndiwo malipiro a mmisiri a zaka zingapo. Ndipo pofuna kukwatira iwowa, anamlola adziombole ndi madrakima 2,000.

Atayamba kukalamba, pakati pa zaka 343 ndi 340 Kristu asanabadwe, anamwimba mlandu ku Athens wakuti iye, pokhala mlendo, anakhala ngati mkazi wa ukwati wa Stephanos, mbadwa ya mudziwo. Lamulo linati mlendo wotere agulitsidwe akhale kapolo. Womneneza, Apollodoros, anali ndi udani ndi Stephanos, nafuna kulasa mwamunayo pakucititsa manyazi mkaziyo. Mkazi sanaloledwa kudzinenera yekha m'bwalo. Cotero mbiri yonseyi taimva pakamwa pa mdani wace, ndipo mau a mwini wace sanatifika ngakhale amodzi.

Tisaiwale kuti Nikarete nayenso anali mphunzitsi waluso, ndi ophunzira ace anachuka m'dziko la Agriki. Koma anawaphunzitsa monga munthu anenepetsa mbuzi ya kumsika, kuti mtengo wace ukwere. Cifukwa cace ife, pakuona mwana wamkazi alikulowa m'sukulu, tisakhute ndi kumva kuti awerenga bwino ndi kuimba bwino. Tifunsenso kuti nzeru zimene timpatsa zidzapindulira yani: iye mwini, kapena munthu wina amene ayembekeza kudyerapo.