Telala nayenso anasokedwa

Mwandi, sabata ino musayembekezere nkhani ya woimba amene wasiya mkazi. Ndikambako za phewa la amai anga.

Amai ni telala. Chaka chatha anaterereka potsika minibasi mvula ikugwa, nagwera dzanja lamanja. Ife tinati angobinya chabe, tinathowa ndi madzi otentha. Miyezi iwiri inapita, usiku sanali kugona ndi ululu. Pa Sondo lina ndinawapeza alephera kumanga chitambala, dzanja likana kukwera. Apo ndiye ndinachita mantha.

Sikani ya MRI inaonetsa kuti msempha wang'ambika. Adokotala anatiuza kuti phewa ligwiridwa ndi minofu inayi yotchedwa rotator cuff, ndipo misempha yake imamatira kumutu kwa fupa la mkono. Umene ung'ambika kawirikawiri ni supraspinatus, wothandiza kukweza dzanja chammbali. Wa amai unachokeratu pa fupa.

Pa opaleshoni iyi satsegula phewa lonse. Aboola timabowo ta sentimita imodzi, alowetsa kakamera ndi zida, n'kumaona pa sikirini. Mu fupa akhomerera tumasikuluu totchedwa ma anchor, tokhala kale ndi ulusi. Ulusiwo aupitsa mu msempha, naukokera pa fupa.

Atangomva za ulusi, amai anatsitsimuka. "Manje musoka mzere umodzi kapena iwiri?"

Adokotala anaseka, ati zonse zilipo. Pali single row, mzere umodzi wa ma anchor. Pali double row, mzere wina mkati, wina kunja. Pa iwiriyi ulusi ungadutse pamwamba pa msempha n'kuupanikiza pa fupa malo aakulu, ndiye suture bridge. Pong'ambika kwambiri, madokotala ambiri asankha mizere iwiri.

"Monga buluku la mwana wa sukulu," amai anatero. "Kumatako tisoka kawiri."

Koma adokotala anawachenjeza. Nsalu mukasoka, nchito yatha. Mu phewa ulusi ungogwirizira, thupi ndilo limamatiza msempha ku fupa, ndipo litenga pafupifupi miyezi itatu. Mukafulumira, ung'ambikanso. Ngozi ikula kwa okalamba, osuta fodya ndi odwala shuga. Ndiye anati masabata 6 dzanja likhale mu sling, kenaka fiziyo, zolemera zidikire.

Sabata lachitatu ndinabwera kunyumba msanga. Sling ili pa mpando, amai ali pa tebulo, akankha nsimbi pa vitenge va chilanga mulilo cha kasitomala. Ndinakuwa, chinthu chimene sindinachitepo kwa iwo.

"Iwe mwana, renti uzalipila na mau?"

Sananame. Opaleshoni inadya ndalama za banja lonse, ndipo makina akaima, nyumba iima. Ndinanyamula vitengevo kupita navo kwa anzawo a pa msika, renti ndinalipira ine miyezi inayi, nsapato za Khrisimasi ndinaiwalako. Amai anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anandiitana kuti ndiwamangire sling.

Tili mu mwezi wa 7 manje. Chitambala amanga okha, makina alira pang'onopang'ono, ndowa ya madzi tikali kuwaletsa.

Imwe amene muli ndi amai kapena atate olephera kukweza dzanja atagwa, musathowe miyezi iwiri monga ife, pitani nawo kuchipatala. Ndipo akasokedwa, pezani wowagwirira nchito, chifukwa iwo okha sazakuuzani kuti alephera.