MTENGO WOSANENEDWA PAKAMWA

Kwathu mtengo wa cinthu umanenedwa pakamwa. Mai wogulitsa ufa pamsika adzaza mbale wogula ali kupenya, nachula mtengo wace anthu onse ali kumva. Ndipo wogulayo akaona kuti mbale yacepa, anena pomwepo. Pa minibasi ndi comweco: kondakitala achula mtengo wa ulendo, munthu apereka ndarama zace, nawerenga zotsala m'dzanja lace asanatsike. Makangano sasowa, koma ali poyera, ndipo onse okhala m'galimotomo ndiwo mboni. Tsono ine ndakhala zaka zingapo mu mzinda waukuru wa London, ku Britain, kumene ndigwira nchito yosamala okalamba. Ndipo kuno anthu alipira maulendo ao popanda munthu wowauza kuti alipira zingati. Ndifuna kukufotokozerani, awerengi okondedwa, za kalipiridwe kameneka ndi cisokonezo cace. Pakuti ena a inu muli ndi ana kapena abale kuno, ndipo ndarama zimene iwo ataya panjira ndizo zomwe zikadafika kumudzi.

M'caka ca 2003 akuru oyang'anira maulendo a mu London anaturutsa khadi la buluu, laling'ono lokwana m'cikhatho, lochedwa Oyster. M'kati mwace muli kacipangizo kobisika kamene kasunga ciwerengero ca ndarama. Munthu aikamo ndarama ku sitolo kapena pa makina a pa siteshoni, ndipo pokwera angokhudzitsa khadilo pa kambale kacikasu. Makina alira kamodzi, nacotsa mtengo wace. M'caka ca 2012 mabasi anayamba kulandiranso makhadi a ku banki, ndipo mu 2014 analeka konse kulandira ndarama za m'manja. Caka comweco sitima nazo zinalola makhadi a ku banki, ndipo lero ambiri angokhudzitsa foni. Ubwino wace ulipo ndithu. Basi sicedwa pokweza anthu, woyendetsa sasunga thumba la ndarama lokopa akuba, ndiponso ulendo wa pa sitima wolipira ndi khadi uli wotsika mtengo koposa tikiti ya pepala. Koma akuru anati, walira mvula walira matope.

Pa basi nkhani siibvuta kwambiri. Munthu akhudzitsa khadi kamodzi kokha polowa, ndipo mtengo uli umodzi, angakhale atsika pafupi kapena patali. M'caka ca 2023 anauika pa £1.75. Kuyambira 2016 wokwera basi yaciwiri ora lisanathe salipiranso, ndipo mu 2018 analola kuti akwere mabasi ambiri monga afuna m'kati mwa ora lomwelo. Lamuloli ndi lacifundo, koma wosalidziwa limdodometsa. Lero aona kuti basi yaciwiri siinacotse kanthu. Mawa, basi yoyamba itacedwa pamseu, ora lapitirira ndi mphindi ziwiri, ndipo makina acotsa. Njira ndi yomweyo, mabasi ndi omwewo, koma mtengo wasiyana, ndipo palibe wamuuza cifukwa cace.

Pa sitima, makamaka zoyenda pansi pa nthaka, mpamene pali mfundo zambiri. Mzinda unagawidwa m'madera 6 ozungulirana monga makoko a anyezi, dera 1 liri pakati, ndi madera ena ocepa kunja kwace. Ndipo mtengo utsata madera amene munthu wapyola. Utsatanso nthawi. Kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, wolowa pakati pa 6.30 ndi 9.30 m'mawa, kapena pakati pa 4 ndi 7 koloko madzulo, alipira zambiri, pakuti ndiyo nthawi ya khamu la anchito. Coweruza ndico mphindi imene anakhudzitsa khadi polowa, kotero kuti anthu awiri okhala pa mpando umodzi m'sitima imodzi angathe kulipira mosiyana. Utsatanso njira; pakuti pa maulendo ena munthu angathe kupyola pakati pa mzinda kapena kulambalala, ndipo kulambalala kuli kotsika mtengo. Koma makina alibe maso akuona kumene munthu wadzera. Cifukwa cace pa masiteshoni ena osinthira sitima, monga Stratford ndi Willesden Junction, anaikapo timbale ta pinki, kuti wolambalala akhudzitsepo. Akapitirira osakhudzitsa, makina amuyesa wodzera pakati, namlipiritsa comweco.

Koma msampha waukuru ndi uwu. Pa sitima munthu ayenera kukhudzitsa khadi kawiri, polowa ndi poturuka. Polowa makina sadziwa kumene afuna kunka. Potero ayamba atenga mtengo waukuru ngati cikole, ndipo poturuka ambwezera zotsala. Wosakhudzitsa poturuka cikole cace cikhala comweco. Pa siteshoni yokhala ndi zipata zotseka nkobvuta kuiwala, popeza cipata sicitseguka popanda khadi. Koma alipo masiteshoni ambiri, makamaka a njanje yochedwa Docklands Light Railway, opanda zipata konse; kambale kacikasu kangoima pambali pa njira, ndipo munthu wotopa akapyola osakaona.

Ndiri ndi mnzanga wa ku nchito, mai wocokera ku Dedza, amene anafika kuno posacedwa. Tsiku lina pa nthawi yopuma anandiuza monong'ona kuti khadi lace likudya ndarama, ndi kuti anayamba kuyenda pansi mtunda wautali usiku poopa kukwera sitima. Anali atawerenga bwino lomwe ndarama za sabata, pakuti zotsala zinali za sukulu ya mwana wace kumudzi. Koma pofika Lacinai khadi linali lopanda kanthu. Sanafunse munthu, poopa kuoneka mbuli pamaso pa Azungu. Titaweruka tinanka pamodzi ku makina a pa siteshoni, amene aonetsa maulendo otsiriza a khadi munthu akalikhudzitsa. Ndipo tinapeza maulendo atatu olembedwa polowera pokha, poturukira palibe. Siteshoni ya kumene agona inali ya zija zopanda zipata. Iye anaganiza kuti popeza palibe cipata, palibenso cofunsidwa. Tinalemba pempho, pakuti lamulo lilola kupempha cotero masabata 8 asanathe, ndipo ndarama zace zinabwera. Koma masiku amene anayenda pansi mumdima palibe anambwezera.

Palinso lamulo lina lothandiza, limene linayamba mu 2005, lakuti pa tsiku limodzi pali malire a ndarama zimene munthu angalipire; akafika pa malirewo, maulendo otsala a tsikulo akwera ulere. Komatu makina adziwa khadi, sadziwa munthu. Wolipira m'mawa ndi khadi la ku banki, nalipira madzulo ndi foni, ayesedwa anthu awiri, ngakhale ndarama zicokera m'thumba limodzi. Ndipo malire aja sawafika. Wosunga makhadi awiri m'kacikwama kamodzi, nakhudzitsa kacikwama konse, angathe kulowa ndi khadi ili naturuka ndi linalo, ndipo onse awiri alipiritsidwa cikole cathunthu. Ndiponso wolipira ndi khadi la ku banki saona mtengo pa cipata iai. Makina asonkhanitsa maulendo onse a tsiku, ndipo ciwerengero cimodzi cioneka ku banki pambuyo pace, munthu ataiwala kale kumene anayenda.

Nanga tinene kuti uku ndi kuba? Ine nditi iai. Lamulo liri lonse mwa awa linalembedwa, ndipo ambiri a iwo anaikidwa kuti apepuze woyenda. Makina sakondera, sakwezera mlendo mtengo pomva kalankhulidwe kace, monga acita ena ogulitsa pamsika. Koma ndaona kuti lamulo lolungama, likakhala losadziwika, lipweteka monga lamulo lokhota. Ndipo silipweteka onse mofanana. Wolemera sazindikira nkomwe kuti mapaundi ocepa acoka. Wobadwira kuno anaphunzira zonsezi pang'ono pang'ono kuyambira ubwana wace. Wolipira cisokonezo ndiye mlendo, nkhalamba, ndi wanchito wa malipiro ocepa woweruka usiku maso ali olema. Kale munthu wotere akadafunsa pa zenera logulitsira matikiti. Koma mu 2015 mazenera ambiri a sitima za pansi pa nthaka anatsekedwa, ndipo anchito ace anaikidwa kuima pafupi ndi zipata ndi makina. Alipo ndithu, ndipo athandiza wowafunsa; koma kuimitsa munthu pakati pa khamu lothamanga kufuna mtima wolimba, umene mlendo alibe. Potero ndiganiza kuti woika muyeso sanatsirize nchito yace pouika molungama. Ayenera kuuonetsanso poyera, monga mai uja aonetsa mbale yace.

Pali cinanso cimene ndaphunzira. Ndarama ya m'manja iri ndi kulemera kwace. Poipereka dzanja limva kuti kanthu kacoka, ndipo mtima uwerenga. Ndarama ya m'khadi icoka mosamveka, monga madzi a mu mtsuko wong'aluka pansi, amene mwini azindikira pofuna kumwa. Cifukwa cace mwini khadi ayenera kucita dala cimene dzanja linali kucita lokha: apenye ciwerengero pa cipata, asanthule maulendo ace kamodzi pa sabata, agwiritse khadi limodzi tsiku lonse, nafunse pamene sanamvetse. Safunsa anadya phula.

Musayese kuti nkhaniyi iri kutali ndi inu, abale a kumudzi. Ambiri a inu mulandira ndi kutumiza ndarama pa foni, ndipo mudziwa kuti potumiza ndi potapa pamakhala zocotsedwa, zosiyana monga mwa kucuruka kwa ndaramazo. Kumeneko nakonso mtengo sunenedwa pakamwa, ukapanda kufunsidwa. Funsani musanatumize, werengani uthenga umene ufika pambuyo pace, ndipo odziwa kuwerenga awerengere agogo ao mokweza.

Ndipo kwa ife okhala kuno nditi: mbale akafika, tisangomgulira khadi ndi kumlozera siteshoni. Timperekeze ulendo wace woyamba kunka ndi kubwera, timuonetse kambale kacikasu ka poturukira, timuuze za nthawi ndi za madera, monga kwathu tiperekeza mlendo kufikira pa mphambano. Pakuti makina sadzamchulira mtengo. Ayenera kuumva pakamwa pathu.