Kapu ya tiyi pa Ulongwe

Munthu wofika pa Ulongwe, likulu la boma la Angónia, m'mawa wa mwezi wa June kapena July, sachita kuuzidwa kuti wakwera kumtunda. Nkhungu imakuta zitunda zonse mpaka ku phiri la Domwe, zala zimachita dzanzi, ndipo anyamata oyendetsa ngolo za kachewere amafika pamsika atafunda mabulangete. Nthawi yotere malo oyamba kudzaza anthu si sitolo ya nsalu kapena ya feteleza ayi, koma tiyirumu.

M'katimo mumakhala benchi, tebulo ndi ketulo yaikulu yokhazikidwa pa mbaula. Malonje ake ndi achidule: "Mwadzuka bwanji bambo? Mumwa wa mkaka kapena wopanda?" Pambali pa kapu pamabwera pão, buledi wa Chipwitikizi wowotcha mu uvuni wa njerwa, kapena mandasi, zitumbuwa ndi mbatata yophika. Chakudya cha m'mawachi eni dera amachitcha matabicho, ndipo tiyi ena amamutcha chá.

Chodabwitsa n'chakuti dera lokonda tiyi chotereli lilibe minda ya tiyi. Nthaka ya Angónia imabereka chimanga, nyemba, kachewere, kabichi ndi mapichesi, koma mtengo wa tiyi umafuna chinyezi pafupifupi chaka chonse, pamene kuno mvula ikaleka mu April imadzabweranso cha mu November. N'chifukwa chake masamba onse a m'sitolo ndi obwera. Ena amachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene mvula ya chiperoni imanyowetsa minda ngakhale m'miyezi yozizira, ndipo ku Mulanjeko tiyi wa malonda adayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890. Ena ndi a ku Gurúè m'chigawo cha Zambézia, m'tsinde mwa phiri la Namuli, kumene Apwitikizi adakuza minda ya tiyi kuyambira m'zaka za m'ma 1930.

Akuluakulu amene adakula m'nthawi ya atsamunda amakumbukira tiyi wa ku Gurúè wotchedwa Licungo. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula, mafakitale a ku Gurúè adaonongeka, misewu idatsekeka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu a ku Angónia ambirimbiri adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Othawa nkhondo ochokera ku Mozambique adafika pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi. Kumeneko lilime lidazolowera Chombe ndi masamba ena a ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu adabwerera kumabwinja kwawo atasenza mapoto ndi makasu, ndipo chizolowezi cha tiyi wa ku Malawi chidawolokanso nawo malire a Calómuè.

Koma pali tiyi wachitatu amene safuna chiphaso ngakhale ndalama. Ameneyu amamera kuseri kwa nyumba: udzu wonunkhira ngati mandimu umene ku Mozambique amautcha balacate, ndiponso masamba anthete a mtengo wa mandimu. Masamba a m'sitolo akasowa, kapena ndalama za kachewere zikatha mbewu ina isanakhwime, mabanja amadalira ameneyu. Ena amamunyoza kuti ndi tiyi wa osauka, chonsecho m'mahotela a m'mizinda udzu womwewu amaugulitsa pa mtengo wokwera.

Tiyi aliyense ali ndi kaphikidwe kake, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zawo. Masamba a m'paketi amadulidwa tinthu ting'onoting'ono ku fakitale, motero sachedwa kutulutsa mtundu ndi fungo. Madzi awire kaye, kenaka ketulo ichotsedwe pamoto, masamba athiridwe, ivundikiridwe kwa mphindi 3 mpaka 5, basi tiyi wapsa. Kuvundikirako n'kofunika kwambiri kuno, kaamba koti kumtunda madzi amawira asanatenthe ngati a kuchigwa cha Tete, ndiponso mphepo yozizira imawapoletsa msanga. Masamba akamabwata pamoto kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kukwera, tiyi amada bii, amawawa ndi kumanga m'kamwa. Zikatero womwa amathira masupuni anayi kapena asanu a shuga pofuna kubisa kuwawako, ndipo paketi ya shuga yoti ikadatha milungu iwiri imatha mlungu umodzi.

Balacate ndi wosiyana. Iye amafuna kutsukidwa, kupindidwa kapena kutswanyidwa pang'ono, ndi kubwatitsidwa kwa mphindi zingapo kuti fungo lituluke. Safuna mkaka, ndipo shuga wochepa amamukwanira. Nawonso anyamata obwera kuchokera ku Joni amabweretsa masamba ofiira otchedwa rooibos, amene amalimidwa m'mapiri a Cederberg ku South Africa. Ameneyu ngakhale abwate nthawi yaitali sawawa, ndipo popeza alibe caffeine, chinthu chija chimathawitsa tulo mu tiyi wa m'paketi, munthu angathe kumwa madzulo n'kugona bwinobwino.

Achipatala amakumbutsanso chinthu china. Tiyi wa m'paketi akamwedwa pamodzi ndi nsima ya nyemba kapena ya masamba, amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, mchere umene umathandiza kupanga magazi. Amayi oyembekezera ndi ana ndiwo amavutika msanga ndi kuchepa kwa magazi, choncho ndi bwino kudikira ola limodzi akatha kudya asanagwire kapu. Mkaka wokama ku khola nawo uyenera kuwiritsidwa kaye.

Dzuwa likakwera, nkhungu imabalalika, ngolo zimabwerera kumidzi zopanda katundu, ndipo m'tiyirumu mumatsala mwini wake akutsuka makapu. Kumudzi nako mlendo wofika m'mawa sabwerera m'mimba muli zii. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pakhomo pamene pali tsinde la balacate kuseri kwa nyumba, mayi sachita manyazi ngakhale paketi ya ku sitolo itatha dzulo: amangotuma mwana kukathyola masamba, iwo n'kukoleza moto.