Ku Durban, Kumene Mcere Umadya Citsulo

Ife a ku Chipata madzi amene timawadziwa ndi a m'mitsinje ndi a m'madamu. Mwana akafuna kukawedza amadula kansungwi, namangako twaini ndi mbedza, nakumba nyongolotsi kudambo, zida n'kukwanira pomwepo. Cotero pamene atsibweni athu a ku Durban anatuma mau akuti, "Ana inu, pobwera musandigulire malaya kapena nsapato; ndalamazo sungani, tidzagulire cida cowedzera," ife tinangoseka. Kodi cida cowedzera n'cofunanso kusungira ndalama?

Tinanyamuka m'mwezi wa July 2023, tili awiri, mkulu ndi mng'ono wake. Basi inatiyendetsa makilomita ngati 570 pa mseu wa Great East kukafika ku Lusaka. Kucoka kumeneko tinadzera pa Chirundu, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, kumene tinakwera basi ina. Imeneyi inatsetsereka nafe mapiri a Drakensberg, mtunda winanso wa makilomita ngati 570, ndipo potsika tinamva kafungo kacilendo m'mphepo. Atsibweni, amene anadzaticingamira, anati ndilo fungo la nyanja.

M'mawa mwake, kusanace, anatitengera ku Blue Lagoon, pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja ya Indian Ocean. Cakumwera kunaoneka uta waukulu wa bwalo la mpira la Moses Mabhida, lija linamangidwa kaamba ka World Cup ya 2010. Cakum'mawa kunalibe phiri, kunalibe mtengo, koma madzi okhaokha ndi nyali za zombo zodikira kulowa padoko. Tinatapa madziwo m'dzanja ngati ana, tinalawa, ndipo tinalavula msanga. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli mcere ngati magalamu 35. Pamcenga panali patandanda kale amuna ambiri, aliyense ndi ndodo yake yotalika mamita atatu kapena kuposa.

Onsewo anali kudikira nsomba imodzi, dzina lake shad. Ndi nsomba yonyezimira, ya mano akuthwa ngati lumo, ndipo nyengo yozizira imayenda m'magulu pafupi ndi gombe. Lamulo la dzikolo limailondera kwambiri. Wowedza ayenera kukhala ndi cilolezo ca boma, ndipo nsomba zogwidwa ndi cilolezo ca mtundu umenewu sizigulitsidwa. Munthu mmodzi saloledwa kupitirira shad zinai pa tsiku, iliyonse yosacepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 October kufika pa 30 November shad siiwedzedwa konse.

Atsibweni sapita kugombe kukataya nthawi. Amagwira nchito yosamalira maluwa pa nyumba za anthu, ndipo cicokere cigumula ca April 2022, cimene cinapha anthu oposa 400 m'cigawo ca KwaZulu-Natal, masiku ao a nchito anatsika kufika pa atatu pa sabata. Panyumba pali anthu asanu akudya. Shad zinai ndi ndiwo za masiku awiri, ndipo ndalama imene ikanapita kubuchala imapita ku lendi.

Koma m'mawa umenewo ndodo yao inali yopanda nchito. Kuti nyambo igwe kuseri kwa mafunde pamafunika cingwe cacitali, ndipo cingweco cimakulungidwa pa kacipangizo komangidwa kunsi kwa ndodo, kamene amati reel. Mtundu wofala masiku ano ndi spinning reel, umene asodzi a ku South Africa amangouti grinder, popeza cogwirira cake cimapukusidwa ngati ca kacigayo ka pamanja. Amene anaulembetsa mu 1905, Alfred Illingworth wa ku Bradford ku England, anali munthu wa mafakitale a nsalu, ndipo n'zosadabwitsa kuti mtima wa cipangizoci ndi bobini yonga ya makina osokera. Bobiniyo siizungulira. Poponya, cingwe cimangosomoka cokha. Pokoka, waya wopindika ndiye amazungulira nacikulunganso.

Reel ya atsibweni inali yokongola, ya utoto wa golide, ndipo pabokosi pake analembapo kuti muli mabeyaringi 12. Anaigula pamsika ndi R300. Itatha miyezi itatu, tsiku lina nsomba ili kumbedza, cogwirira cinakana kuzungulira, cingwe cinaduka pamwala, ndipo iwo anabwerera kunyumba cimanjamanja.

Akulu anati safunsa anadya phula. Pafupi nafe panali mkulu wina wa Cimwenye, wa imvi mutu wonse, mbeu ya anthu aja anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe. Iye anali kuwedza ndi reel yakale yosema pamtengo, yonga gudumu, imene kumeneko amati Scarborough. Atsibweni anam'patsa moni nam'sonyeza mtembo wa cida cao. Mkuluyo anamasula timisomali tinai, natsegula, ndipo tonse tinasuzumira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere! Timipira tacitsulo, tonga tija ta mu habu ya njinga, tinali titagwirana ndi dzimbiri, ndipo mano a giya anali atakutidwa ndi fumbi loyera ngati ufa. Anatifotokozera kuti madzi akauma mcere umatsala, ndipo mcerewo umakokanso cinyezi usiku ndi usana. Kuonjezera apo, pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana, madzi amcere akalowapo, cofooka cimadyeka msanga. Cida cimene cikanakhala zaka pa damu la kwathu, kugombe cimafa nyengo imodzi isanathe.

Dzuwa litakwera, nsomba zitaleka kudya, mkuluyo anavomera kutiperekeza ku sitolo ya zida za asodzi. M'magalasi munali mareel mizeremizere: a Daiwa ndi a Shimano a ku Japan, a Penn a ku America, a Okuma a ku Taiwan. Dzina la Shimano tinalizindikira, pakuti kwathu timaliona pa magiya a njinga. Ena anali a mtengo woposa wa ng'ombe. Ife m'thumba tinali ndi R1,800, ndalama imene tinasonkha miyezi isanu.

Pomwepo tinayamba kutsutsana. Wamkulu wa ife anati tigule zotsika mtengo zinai, ikafa ina atsibweni azitenga ina. Wamng'ono anati titaye ndalama yonse pa imodzi yonyezimira, ngakhale pasatsale ya cingwe. Mkulu uja anatisiya tilankhule mpaka mau atatithera, ndipo kenaka anapempha wogulitsa kuti atulutse zitatu za mtengo wapakati.

Coyamba anayang'ana kukula. Mareel ali ndi manambala, kuyambira 1000 wa tinsomba tating'ono kufika 8000 ndi kuposa wa zinsomba zikuluzikulu. Wa shad anati 4000 kapena 5000 akwanira. Woposa apo amangolemetsa mkono ndi kupepuza thumba. Popeza manambalawa safanana pakati pa makampani, anatiuza kuti tiziwerenga pa bobini penipeni, pamene amalemba mamita a cingwe cimene cingalowepo.

Caciwiri cinali thupi lake. Lilipo la aluminiyamu, lolimba, losapindika, koma lodula, ndipo utoto ukakanduka mcere umalowera pabalapo. Liliponso la graphite, lokhala ngati pulasitiki yolimba, lopepuka, lotsika mtengo, losacita dzimbiri, koma lotha kuwerama pang'ono nsomba ikakhala yaikulu kwambiri. Mkuluyo anagwira mwendo wa reel ndi dzanja limodzi, thupi ndi linalo, napotoza. Imodzi inagwedera ndipo anaikankhira pambali. Kwa munthu wofuna shad, osati shaki, anati graphite yabwino siicititsa manyazi.

Cacitatu anafunsa za mabeyaringi, osati kuculuka kwake koma citsulo cake. Anai kapena asanu a citsulo cosacita dzimbiri, otsekedwa m'mbali kuti mcenga usalowe, aposa 12 a citsulo wamba. Anatisonyezanso kagudumu kakang'ono ka pa waya wopindika uja, pamene cingwe conyowa cimadutsa nthawi zonse. Kameneka ndiko kamayamba kufa, ndipo kakaleka kuzungulira kamapala cingwe mpaka kuduka.

Cacinai cinali buleki, imene asodzi amati drag. Nsomba yamphamvu ikathawa, buleki imalola cingwe kutuluka pang'onopang'ono kuti cisaduke. Mkuluyo anakulunga kacingwe pa bobini, namanga buleki pang'ono, napatsa atsibweni kuti akoke. Pa reel ina cingwe cinatuluka modukizadukiza, ngati ngolo pa mseu wa mabampu. Pa inayo cinatuluka myaa. Anati timbale ta buleki ta carbon timapirira kutentha ndi madzi kuposa ta nsalu. Za manambala a giya, monga 5.2:1, anati tisavutike nazo: amangotanthauza kuti cogwirira cikazungulira kamodzi, waya uja amazungulira kasanu ndi pang'ono, ndipo pa shad zimenezo n'zokwanira.

Funso lotsiriza analipereka kwa wogulitsa: kodi kasipuling'i ka waya kakathyoka, kapena beyaringi ikafa, zina zimapezeka, ndipo wokonza alipo? Pa reel imodzi wogulitsayo anayankha mozungulira. Pa inayo anatsegula kabati natulutsa timapaketi ta zitsulo zake. Tinagula imeneyo: nambala 5000, thupi la graphite, mabeyaringi asanu, mtengo wake R1,300. Ndalama yotsala inagula cingwe, tiwaya tomangira mbedza kuti mano a shad asadule, ndi kabotolo ka mafuta.

Tisanasiyane, mkuluyo anagwira atsibweni paphewa nati theka la moyo wa reel lili m'sitolo, theka lina lili pampopi wa kunyumba. Pobwera kugombe munthu ayenera kumanga buleki, kuwaza reel ndi madzi abwino pang'onopang'ono, osaimiza m'ndowa ndiponso osaithira ndi mphamvu, pakuti kutero kumakankhira mcere m'kati. Kenaka aipukute, aiumitse pamthunzi, amasule buleki, ndipo nthawi ndi nthawi adonthezere mafuta pa kagudumu kaja ndi pa cogwirira. Pamcenga reel siigonekedwa.

Mbandakuca wa tsiku lotsatira tinali pa Blue Lagoon. Atsibweni anamanga kansomba ka sardine kumbedza, naponya, ndipo cingwe cinauluka kupitirira mafunde oyera. Sipanatenge nthawi ndodo inawerama, buleki inalira, ndipo ife alendo tinakuwa ngati tili pa bwalo la mpira. Anagwira zinai, koma imodzi itayezedwa inapereweza, ndipo anaibwezera m'madzi ife tikudandaula. Madzulo tinadya nsima ndi nsomba ya m'nyanja yamcere koyamba m'moyo wathu. Amai a panyumbapo anaikazinga tsiku lomwelo, pakuti shad siicedwa kufewa.

Mu July 2024 atsibweni anatitumizira cithunzi pa foni. Reel ija inali ikugwirabe nchito, itangosinthidwa kabeyaringi kamodzi. Tinawerenga tokha: za R300 zija, pa miyezi itatu iliyonse, zikanadya R1,200 m'caka cimodzi, osawerengera nsomba zothawa ndi masiku ogona ndi ndiwo zamasamba zokha. Okondedwa awerengi, ngati mudzapita kunyanja yamcere, kapena muli ndi mbale kumeneko wofuna cida cotere, musafunse mtengo wokha. Funsani za m'kati mwake, funsani ngati zosinthira zilipo, ndipo pitani ndi munthu amene manja ake anazolowera mcere. Pa cithunzi cija panali mwana wao wotsiriza, atagwada pampopi, akuwaza reel ndi madzi, mapazi ake akadali ndi mcenga.