Dzina lomwe lili pa taito

Ndine loya, ndipo ntchito yanga yaikulu kuno ku Kabwe ndi yosintha umwini wa nyumba ndi mapuloti. Ambiri amandipeza atamvana kale mtengo, ena atapereka kale theka la ndalama, ndiye amangofunsa kuti, "A loya, tisaine pati?" Ndisanayankhe ndimapempha kuona pepala la wogulitsa, chifukwa mapepala amene anthu amawatcha taito sali amodzi.

Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, amene amawasungira anthu onse. Choncho wogula amagula zaka zotsala pa lisi, ndipo lisi yanthawi zonse imakhala ya zaka 99. Kalata yomwe Commissioner of Lands amalemba pomulonjeza munthu malo si taito. M'makomboni ngati Makululu, amene ali ndi pepala nthawi zambiri amakhala ndi chilolezo cha khonsolo cha zaka 30. Kalata ya mfumu nayonso ili ndi njira yakeyake. Onsewa ndi mapepala enieni, koma mphamvu zake zimasiyana, ndipo mtengo uyenera kusiyananso.

Kenaka ndimafufuza m'kaundula wa Unduna wa za Malo. M'menemo mumaoneka dzina la mwini wake, ngongole ya kubanki ngati nyumbayo inaikidwa chikole, ndi caveat ngati pali wina amene analetsa kuti isagulitsidwe. Pamenepa ndi pomwe nkhani zambiri za ku Kabwe zimaimira.

Mgodi wa kuno ku Kabwe unatsekedwa mu 1994. Patangopita zaka zochepa, nyumba za kampani ya migodi ya ZCCM ndi za khonsolo zinagulitsidwa kwa omwe ankakhalamo. Ku Chowa, ku Kasanda, ku Bwacha, anthu omwe moyo wawo wonse anali ochita lendi anakhala eni nyumba. Ambiri mwa iwo anatisiya, ndipo mataito adakali m'maina awo. Ena anamwalira asanatenge n'komwe taitoyo. Lero amene akugulitsa ndi mwana woyamba, kapena m'bale amene banja linamusankha pamaliro kuti ayang'anire chuma cha masiye. Amabwera ndi kalata ya khoti yomuika pa udindowo, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti yakwanira. Sinakwanire. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira wopanda wilu silimulola kugulitsa nyumba popanda chilolezo china cha khoti. Lamulo lomwelo limati nyumba ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo mpaka atamwalira kapena atalowanso m'banja. Ndikafunsa kuti, "Amayi ali kuti? Azing'ono anu akudziwa?" ena amakhumudwa, amaona ngati ndikuwaganizira zakuba. Ndimafunsabe. Ndaonapo wogula amene anapenta nyumba, kumanga mpanda, kenaka ana a malemu ochokera ku Kitwe n'kumutengera kukhoti. Ndaonanso gogo akulongedza katundu pa nyumba yomwe anakhalamo kuyambira mgodi ukugwira ntchito, osadziwa kuti inagulitsidwa liti. Ameneyu ndi amene amandipangitsa kuuma mtima pa mfundoyi.

Zotsala zimayenda mwandondomeko. Timalemba pangano pa mfundo za Law Association of Zambia, timapempha chilolezo cha boma chosinthira lisi, timaona kuti lendi ya nthaka ndi msonkho wa khonsolo zalipidwa. Msonkho wosinthira umwini umapita ku bungwe la misonkho la ZRA, amalipira ndi wogulitsa, ndipo kuyambira mu Januwale 2025 ndi 8 peresenti. Kawirikawiri ndimapemphedwa kulemba mtengo wotsika kuti msonkho uchepe. Ndimakana. A ZRA amatha kuyeza okha mtengo wa nyumbayo, komanso malondawo akalephereka wogula adzavutika kuitanitsa ndalama zoposa zomwe anasainira. Dipoziti ndimakonda ikhale mu akaunti ya loya mpaka mapepala atatheka, chifukwa ikangolowa m'banja la anthu asanu ndi atatu imagawidwa tsiku lomwelo, ndipo kuibweza n'kovuta. Ndimalangizanso kuti wogula akhale ndi loya wake, osadalira wa wogulitsa.

Pali chinthu china chimene kaundula sasonyeza, ndipo si ntchito ya loya kwenikweni, koma sindingathe kuchibisa. Dothi la m'madera oyandikana ndi mgodi wakale, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, lili ndi mtovu wambiri, ndipo umawononga kwambiri ana aang'ono amene amasewera m'fumbi. Banja lachinyamata likabwera lokondwa kuti lapeza nyumba yotchipa kumeneko, ndimaliuza kuti pa ndalama zogulira liwonjezerepo zothira simenti pabwalo kapena dothi lochokera kwina, ndiponso kuti likayezetse magazi a ana kuchipatala.