Ndalama za Fodya Zimadza Kamodzi pa Caka

Mlimi wa fodya safanana ndi munthu wolandira malipiro pa mwezi. Wa pa nchito akaononga ndalama zace, amapirira masabata anai okha, zina n'kubwera. Koma mlimi amalandira kamodzi pa caka. Misika ya fodya, monga wa ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu, imatsegulidwa ca mu April, ndipo ikatsekedwa, mlimi ayenera kulindira caka camawa. Cotero ndalama zolowa m'thumba tsiku limodzi ziyenera kudyetsa banja miyezi 12.

Apa ndipo pagona ngozi. Munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda ndi khobidi lomwe, akagwira ndalama zambiri mtima umathamanga. Ciriconse ca m'sitolo cimamuitana: wailesi, suti, njinga yamoto. Abwenzi amene sanaoneke pa nthawi yosoka fodya amamzinga ngati nchenche. Akulu anati, "Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada." Pofika January m'nkhokwe mulibe kanthu, ndipo mwini fodya uja ali pa ganyu m'munda wa mnzace, kapena wakagwada kwa wakatapila.

Mlimi wina wa ku Kasungu ali ndi mwambo wace womcinjiriza ku ngozi imeneyi. Mabelo asanacoke pakhomo, amakhala pansi ndi mkazi wace nalemba m'kope nchito ya ndalamazo: coyamba feteleza ndi mbeu, caciwiri cimanga cofikitsa banja ku masika, cacitatu malipiro a anchito ndi fizi ya ana. Zotsala ndizo zokondweretsa mtima. Cinthu cosalembedwa m'kopemo sacigula tsiku limene waciona; amayamba wagona masiku atatu. Kawirikawiri likamafika tsiku lacitatu, cilakolako cija cazirala.

M'caka ca 2023, atangogulitsa fodya, kunadza mlendo wobvala bwino, nati aliyense wompatsa ndalama adzalandira kawiri pakutha pa mwezi, koma ayenera kupereka tsiku lomwelo. Mtima wa mlimiyo unagunda, koma anakauza mkazi wace.

"Abambo," anatero maiyo, "nkhuku imaikira mazira, mbuzi imaswa ana. Nanga ndalama za munthuyu ziswa bwanji? Amalima ciani, amagulitsa ciani?"

"Sananene, amai," anayankha mwamunayo.

"Ngati malonda ace ali oona, adzakhalabe oona mkuca."

Anatsata mwambo wao, ndipo masiku atatu atapita, iwo anakana.

Funso la maiyo ndilo loyenera kufunsa munthu aliyense wolonjeza phindu lamsanga, pakuti cinyengo cotere n'cakale, ndipo cafika m'maiko ambiri. Mu 1920, mu mzinda wa Boston ku America, Charles Ponzi analonjeza phindu la 50 pa 100 iriyonse m'masiku 45. Iye ankalipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo oyambawo, pokondwa, ankaitana abale ao. Caka comweco zinaululika. Anthu zikwi zambiri anataya cuma cao, iye nalowa m'ndende. Wonyenga amakakamiza munthu kufulumira cifukwa adziwa kuti woganiza usiku wonse sagwidwa.

Komatu kudekha sikutanthauza kubisa ndalama kunsi kwa mphasa. Mlimi wa ku Kasungu uja anagula feteleza wace mu July, monga momwe kope linanenera. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Anzace amene anazengereza anapeza kuti ndalama zao sizikwaniranso matumba amene anafuna. Iye matumba ace anali kale m'nyumba.

Munthu wanzeru safulumira pa cinthu cimene waciona lero, ndiponso sacedwa pa cinthu cimene anaciganizira kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.